Malata a ku Italiya

Chisankho chopita ku Italiya ndidachipanga ndekha, koma chilolezo chidachokera kwa mpingo wonse, ndipo apa ndi pamene padayambira nkhani imene ndikufuna kufotokoza. Ndidali m'chaka chachiwiri pa koleji ina mumzinda wa Lilongwe, ndikuphunzira ziyankhulo. Pa tchuthi ndinkagwira ntchito yomasulira pa chipatala cha mishoni ku Namitete, kumene kudabwera dokotala wina wamkazi wochokera ku Italiya. Iye ankayankhula Chingerezi chotsimphina, odwala ankayankhula Chichewa, ine ndinkaima pakati. Pa nthawi yopuma ankawerenga kabuku ka ndakatulo, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Tsiku lina ndidamupempha kuti awerenge mokweza. Sindidatolepo liwu ndi limodzi lomwe, koma ndidamva mmene mizere inkagwiranirana kumathero kwake, wina kuitana wina kuyankha, ndipo ndidachita nsanje kuti iye ankamva tanthauzo pamene ine ndinkangomva kamvekedwe kokha. Pochoka adandisiyira kabukuko ndi kundionetsa kumene ophunzira a mayiko ngati lathu amapempha thandizo lokaphunzira kwawoko. Ndidapempha malo osauza munthu. Atandiyankha kuti anditenga, ndidakwera minibasi yopita kwathu mantha atachuluka kuposa chimwemwe.

Kwathu ndi kumpoto kwa Namitete, cha ku Nsaru. Abambo anga, a Mbewe, ndi mphunzitsi wopuma, ndipo mpaka lero aliyense amawatchula kuti aphunzitsi. Atapuma ntchito adagula ng'ombe ndi ngolo, ndipo ngoloyo ndi imene inkatidyetsa: inkanyamula manyowa, chimanga ndi fodya wa anthu. Ndi mkulu wa mpingo wathu wa Chipresibeteriya, ndipo nthawi imeneyo adalinso wapampando wa komiti yomanga tchalitchi chatsopano. Makoma adali atapitirira mawindo. Njerwa tidaumba ndi kuotcha tokha, koma tidamanga ndi dothi, popeza simenti idangokwanira maziko. Khoma lotere likakhala pamvula lopanda denga limasungunuka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba. Dengalo ndi limene lidatikanika. Tsidya lina la dambo, anzathu achikatolika adali ndi tchalitchi cha malata ofiira ndi mjigo pabwalo, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti zimenezo zidabwera chifukwa wansembe wawo adakaphunzira ku Italiya, nabwerako ndi abwenzi. Kwathu Italiya silidali dziko la mabuku. Lidali dziko limene munthu amapitako n'kubwerako ndi malata.

Akulu ena a mpingo sadakondwe ndi ulendo wanga. Ankati mwana wa mkulu wa mpingo sangapite kudziko la Papa n'kubwerako mmene adapitira. Atsibweni anga, amene mawu awo amalemera pa ine monga mwa mwambo wathu, adati ndiyambe ndatsiriza zimene ndidayamba ku Lilongwe, ndipo adakana kuthandizapo. Thandizo la ku Italiya lija lidali lolipira maphunziro ndi chipinda chokha. Ndalama ya ndege idali yoti tiipeze tokha, ndipo sitikadaipeza tokha. Lamlungu lina, zolengeza zitatha, abambo adaima kutsogolo.

"Abale, anzathu tsidya lija adatuma mwana mmodzi, ndipo denga lawo mukuliona nonse. Nanga ife tilibe ana? Limbani akupita kukaphunzira chiyankhulo cha anthu omwe aja. Akakachidziwa, akawafikira pakhomo, ndipo makoma awa adzafunda."

Nthungululu zidamveka mpaka kumsewu. Sabata yotsatira anthu adabwera ndi mtedza, soya ndi nkhuku kuti tigulitse. Mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi mumpingo wathu, adabweretsa zimene amayi adasonkha atazimanga pa kansalu. Atsibweni nawonso adafewa. Ine ndidadikira kuti anthu achoke, kenako ndidawatsatira abambo kukhola.

"Abambo, inetu ndikupita kukawerenga ndakatulo."

"Ndamva," adayankha choncho, akumasula goli. "Kodi ndakatulozo zilibe eni ake? Mukawadziwe eni akewo."

Ndidanyamuka ndi mawu amenewo, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la abambo anga lidapachikidwa pa denga limene kudalibe.

Mzinda umene ndidafikira uli kumpoto kwa dzikolo, m'chigwa cha nkhungu. M'miyezi yozizira dzuwa linkatha masiku ambiri osaoneka, ndipo kuzizira kwake si kuja timakudziwa mu Juni, kumene kumatha ukangoothera dzuwa. Ndidapeza kuti Chitaliyana si chimodzi. Chilipo cha m'basi ndi mumsika, chothamanga, choyankhulidwa ndi manja omwe. Chilipo cha aphunzitsi, m'mene chiganizo chimodzi chimayenda mtunda wautali chisadafike pa mneni wake. Ndipo chilipo chakale, cha alakatuli amene adamwalira zaka mazana ambiri zapitazo, chimene ngakhale anzanga obadwira komweko ankachiwerenga akusuzumira ndemanga za m'munsi mwa tsamba. Ine ndidapitira chachitatuchi ndisadadziwe kugula buledi m'choyambacho.

Ndinkalowa m'nyumba yowerengera mabuku akangotsegula, mtanthauziramawu kudzanja lamanzere, buku kudzanja lamanja. Mzere umodzi unkatha kundidyera m'mawa wonse. Ndikapeza tanthauzo la liwu lililonse, ndinkaona kuti mzerewo sukunenabe kanthu, popeza mlakatuli adasinthanitsa mawu ake kuti agwirizane ndi kayimbidwe, ndipo munthu amene akumunyoza ndi mfumu ya mzinda wina imene ndinkayenera kuidziwa kale. Masamba a mabuku anga adada ndi pensulo. Mayeso akumeneko ndi apakamwa: wophunzira amakhala moyang'anizana ndi mphunzitsi, anzake ali pambuyo kumvetsera, ndipo amamutsegulira buku paliponse kuti awerenge ndi kufotokoza. Ulendo woyamba mphunzitsi wathu, mayi wa imvi wosakonda kukweza mawu, adandimvetsera mpaka kumapeto, kenako adatseka bukulo mofatsa nandiuza kuti ndibwerenso nyengo yotsatira. Adati mawu onse ndikuwadziwa, koma kuwerenga sindidayambe. Ine amene ku sekondale ndinkakonza Chichewa cha anzanga ndidatuluka m'chipindamo ngati mwana wa sitandade wani.

Za ndalama ndinene mosabisa. Thandizo lija linkafika mochedwa, ndipo likafika linkathera pa chipinda. Anthu kwathu akaisintha m'mutu kukhala makwacha ankaganiza kuti ndikugona pa chuma. Ndidayamba kutsuka mbale m'nyumba ina yodyera, pamodzi ndi anyamata a ku Senegal ndi mayiko ena, mpaka zala zidang'ambika ndi sopo ndi madzi otentha, kotero kuti potembenuza tsamba ndinkamva kuwawa. Chaka chachiwiri ndidasamukira kwa bambo wina wokalamba, a Ettore, mmisiri wa matabwa wopuma amene akazi ake adamwalira ndipo maso ake adali kufooka. Ana awo adandipatsa chipinda chaulere kuti ndiziwaphikira bambo awowo, kuwaperekeza kwa dokotala ndi kuwawerengera nyuzipepala.

Ndakatulo sankazikonda, ankati adazisiya ku sukulu pamodzi ndi chikwapu. Koma ankalola kuti ndiziwawerengera masana tikatha kudya, chifukwa zinkawagonetsa msanga. Choncho ndidaphunzira kuwerenga Chitaliyana chakale ndikuwerengera munthu wogona. Kuwerenga mokweza kudachita chimene mtanthauziramawu adalephera: pakamwa padayamba kudziwa popumira maso asadafike pamenepo. Tsiku lina ndidazindikira kuti ndafika kumapeto kwa tsamba osafufuza liwu, ndipo kuti ndikumumvera chisoni mayi wa m'ndakatuloyo, amene ankakana kutseka chitseko poyembekezera mwana wake. Ndidayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimuuze. A Ettore ankaliza mkonono. Chimwemwe chachikulu kwambiri cha zaka zonsezo ndidachidya ndekha, ndipo ndidaphunzira kuti chimwemwe chopanda wochiona chimatopetsa pafupifupi ngati chisoni.

Kusungulumwa kwa kumeneko n'kovuta kukufotokozera munthu amene sadachokepo pa anthu. Sindinkazunzidwa ayi. Koma sabata yonse inkatha popanda wondifunsa mmene ndadzukira. Pamsewu munthu amakudutsa ngati mtengo, ndipo ukamupatsa moni amagwira chikwama chake. Ndinkadziyankhula ndekha m'Chichewa potsuka mbale, ziganizo zathunthu, kuopa kuti chingandithere m'kamwa.

Kumudzi ndinkaimba Lamlungu masana, ndi makadi ogula m'sitolo ya Aarabu pafupi ndi siteshoni ya sitima. Abambo ankakwera pachulu kuseri kwa sukulu kumene foni imagwira bwino. Moni ukatha, funso linkabwera lomwelo.

"Kodi abwenzi aja mwakumana nawo?"

"Ndikadafufuzabe, abambo."

"Chabwino. Kuno mvula yayamba. Khoma la kumadzulo taliyala mapepala apulasitiki, koma mphepo ikumawachotsa. A komiti akumafunsa."

Ndikatsitsa foni ndinkalephera kutsegula buku. Ndinkaona madzi akutsetsereka pa njerwa zimene ndidasenza nawo pamutu, ndi abambo ataima kutsogolo kwa anthu amene adagulitsa nkhuku zawo. Sindidangokhala osayesa. Ndidapita ku ofesi ya bungwe lina lothandiza mayiko osauka nditavala jekete yobwereka. Adandilandira mwaulemu ndi kundipatsa khofi, kenako adafunsa mapulani a nyumbayo, chikalata cha bishopu wathu, ndi dzina la Mtaliyana amene adafikapo pamalopo. Ndidafotokoza kuti mpingo wathu ulibe bishopu. Adandimvera chisoni ndi kundiperekeza mpaka pakhomo. Ndidayesa kwina kawiri, yankho lidali lofanana. Pomaliza ndidawafotokozera a Ettore nkhani yonse. Iwo adanditsogolera kuchipinda chapansi kumene ankasunga zida zawo, nandipatsa chitini cha misomali yakale, ina ya dzimbiri.

"Denga limafuna misomali," adatero. "Uyambire pamenepa."

Amenewo ndiwo adali abwenzi anga onse a ku Italiya: nkhalamba imodzi ndi chitini cha misomali, chimene ndidachisiya komweko chifukwa cha kulemera.

Chapakati pa chaka chachiwiri funso lija lidasiya. Ndidadikira Lamlungu lina ndi linzake, osalimva. Nditafunsa ndekha, abambo adati, "Za denga zisakuvuteni, Limbani. Inu werengani." Ndidaganiza kuti mpingo wataya mtima, ndipo ndidamva kupepukidwa. Ndidawerenga. Mayeso aja ndidakhoza ulendo wachiwiri, ena onse adatsatira, ndipo tsiku lomaliza mayi wa imvi uja adandigwira chanza nati tsopano ndikuwerenga. Ndidabwerera kwathu ndi sutikesi yodzaza mabuku ndi zovala zochepa.

Lero ndikulemba izi ndabwereranso pa koleji, ndikuphunzira uphunzitsi, popeza sindidapezebe sukulu yofuna munthu wodziwa ndakatulo zakale za Chitaliyana. Mabukuwo ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo ndimawatulutsa nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe sichidawapeze. Anzanga a m'kalasi akamva kumene ndidachokera amafunsa chimene ndidabwererera. Ndimawayankha kuti viza idatha, ndipo n'zoona. Za masiku atatu oyamba nditafika kumudzi sindiwauza kawirikawiri.

Ndidafika Lachisanu, mu Julaye, kuli fumbi ndi mphepo. Minibasi idadutsa Mpingu ndi Msundwe ine ndikukonza m'mutu mawu opepesera. Pa Namitete ndidapeza akabaza awiri, wina wa ine wina wa sutikesi. Titakhota pa mtengo wa mkuyu umene uli pafupi ndi sukulu, ndidaona chinthu chikunyezimira pamene ndinkayembekezera kuona makoma ogumuka. Tchalitchi chidali ndi denga. Malata atsopano adaphimba kuyambira kuguwa mpaka kupitirira pakati. Kudangotsala mbali ya kukhomo, kumene mitengo ya denga inkaoneka yamaliseche. Amayi amene ankasesa pabwalo adataya matsache nathamangira kumsewu.

"Afika! Afika eni ake malata!"

Adanditsitsa pa njinga, wina kundigwira mkono, wina kundivinira mozungulira. Gogo wina amene sindidamuzindikire msanga adandigwira masaya nati, "Mwanawe, Ataliyana akowo Mulungu awadalitse. Tsopano tikupemphera osayang'ana mitambo." Ndidangoti zikomo, zikomo.

Abambo adali atapita kumaliro kumudzi wina. Amayi anga adandilandira, adalira pang'ono, adandipatsa madzi, ndipo nditafunsa za malata adangodzuka n'kunena kuti ndiwatsatire. Adanditengera kukhola. Khola limene ndidalisiya lodzaza lidali ndi ng'ombe ziwiri zokha, zija zokoka ngolo.

"Malata anu a ku Italiya ndi amenewa," adatero amayi, akuloza malo opanda kanthuwo. "Imodziimodzi. Akagulitsa amapita ku Lilongwe, osati pa Namitete pomwe amadziwika, n'kukagula malata kumeneko, n'kuwatumiza pa lole. Lamlungu amalengeza kuti abwenzi a Limbani atikumbukiranso."

"Nanga bwanji simudandiuze?"

"Adandiletsa. Adati mwana asiya sukulu."

"Koma iwo ankakhulupiriradi kuti ndibwera ndi denga?"

Amayi adandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Abambo anu aphunzitsa ndakatulo zaka zonse zija, angalephere kudziwa kuti sizigula msomali? Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ankafuna mupite, ndipo njira ina padalibe. Miyezi yoyamba ankayembekezera kuti mwina mwayi ugwa. Utakanika, adayang'ana kukhola." Adakonza mpango wawo. "Tsopano tamverani. Ziwiri zatsalazi wogula abwera Lolemba. Akufuna atsirize mbali ya kukhomo mvula isadabwere. Ngolo ikaima, Limbani, ine ndi abambo anu tidya chiyani?"

Abambo adafika dzuwa litapendeka. Adali atachepa thupi, jekete ikulendewera m'mapewa. Adandigwira chanza nthawi yaitali, adafunsa za ulendo, za mayeso, za a Ettore. Adapempha kuona mabuku, ndipo adatenga limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza, kuyendetsa chala pa mizere imene sakadatha kuiwerenga. Ndidadikira mpaka adalibweza.

"Abambo, ndakhala ndili kukhola."

"Ee, msipu wavuta chaka chino."

"Amayi andiuza zonse."

Adayang'ana kumsewu. "Lamlungu mupereka malonje pamaso pa mpingo," adatero pomaliza. "Munthu akachokera kutali amafotokoza kumene wayenda, ndipo anthu akudikira. Mukanene kuti gawo lomaliza lili m'njira. Zina zonse ndi zanga."

"Sindinganene zimenezo. Ndikanena zoona, kuti ku Italiya ndidalibe munthu."

"Mukatero ndiye kuti ine ndakhala ndikunama pa guwa zaka ziwiri, eti? Mkulu wa mpingo." Sadakweze mawu. "Ndidalonjeza pamaso pa anthu. Ndikufuna ndife denga litakwana."

Loweruka ndidakhala ngati wodwala. Njira zidali ziwiri, ndipo zonse zidali zoipa: kunena zimene abambo ankafuna n'kuona ngolo ikuima, kapena kunena zoona n'kuwavula ulemu umene adaugula ndi khola lonse. Masana ndidakhala pakhonde ndikuyesa kuwerenga, pamene mayi Nachisale adalowa pabwalo ndi lichero la mtedza. Abambo adali kudimba. Mayi Nachisale adakhala pamphasa, adandipatsa moni wautali wa munthu wochokera kutali, adanena kuti ndayera koma ndaonda, kenako adayamba kuswa mtedza ngati abwera kudzacheza chabe.

"Mawa mukanena chiyani, a Mbewe aang'ono?"

"Sindidadziwebe, amayi."

"Ndiye ndikuuzeni ine. Kodi mukuganiza kuti ng'ombe ingachoke m'mudzi muno anthu osaona? Imayenda ndi miyendo, imadutsa pakhomo pa anthu. Amene amagula ndi mlamu wa mwana wanga, uja wa nyama pa Nsaru. Lole ikabwera ndi malata, ife timawerenga kukhola. Tonse tikudziwa. Asungichuma akudziwa, abusa akudziwa, ngakhale atsibweni anu."

"Ndiye bwanji mudandivinira dzulo?"

"Nanga tikadatani? Tilire?" Adaseka pang'ono. "Ulendo woyamba tidafuna kuwaletsa. Koma kuwaletsa bwanji osawauza kuti tawagwira bodza? Munthu adaphunzitsa ana athu onse, ena mpaka ndi manesi lero. Ife tomwe ndi amene tidamuumiriza ndi mafunso athu, Lamlungu lililonse, Italiya, Italiya. Ndiye tidangoti, aphunzitsi akati Italiya, ifenso tiziti Italiya. Koma tsopano zafika pa ng'ombe za ngolo, ndipo pamenepo ayi. Ife sitingawaletse. Amene angatseke chitseko cha ku Italiya ndi amene wachokera ku Italiya."

"Mukufuna ndikaname m'tchalitchi."

"Mukapereke moni wa abwenzi, mukawathokoze, kenako mukanene kuti afika pamene akadatha, sathanso kutumiza kanthu. Basi. Zotsalazo mutisiyire amayi." Adandiponyera mtedza m'manja. "Mwawerenga mabuku onsewo, mulephere chiganizo chimodzi?"

Ine ndine munthu amene ndimanyadira kuika liwu lililonse pamalo pake ndi kunena chinthu monga chilili. Zaka zitatu ndidaphunzitsidwa kusawonjezera pa mzere chimene mlakatuli sadanene. Lamlungu limenelo ndidaima kutsogolo, pansi pa malata a ng'ombe za abambo anga, dzuwa likulowera mbali yosafolerayo n'kugwera pa mabenchi akumbuyo, ndipo ndidayankhula Chichewa chosamalika kuposa chimene ndidayankhulapo. Ndidafotokoza za ndege, za nkhungu, za mayeso apakamwa. Ndidathokoza aliyense amene adapereka nkhuku kapena mtedza. Kenako ndidati:

"Abwenzi athu a ku Italiya akupereka moni kwa inu nonse. Iwo si anthu olemera monga mmene tinkaganizira. Adapereka zimene adali nazo, ndipo adapereka mopitirira mphamvu zawo. Andituma kuti ndikuuzeni kuti afika pamene akadatha. Malata ena sabweranso. Ngati wina angamve kuti kwabwera lole ina yochokera kwa iwo, adziwe kuti si zoona, pakuti ine ndidatsazikana nawo."

Sindidayang'ane kumene kudakhala abambo. Kenako bambo wina wa nthabwala kumbuyo adakweza mawu: "Tamva! Koma tatiyankhulireniko pang'ono Chitaliyanacho, timve chimene tidagulitsira nkhuku zathu!" Anthu adaseka, ndipo ndidanena pamtima ndime imodzi ya ndakatulo yakale, pang'onopang'ono, ndikupumira poyenera. Kadali koyamba kuti ndiwerengere anthu ambiri chonchi, onse ali maso. Nditatsiriza, bambo uja adati, "Ngati akudandaula, eti?" Ndidati ee, akudandaula. "Basi, ndi anthu ngati ife tomwe," adatero, ndipo adaomba m'manja.

Mayi Nachisale adaima nthawi yomweyo. Adati popeza alendo atifikitsa pakati, n'zamanyazi kuti eni nyumba tilephere kukhomo. Amayi onse adzalima soya m'munda wa mpingo kuti agule malata otsalawo, ndipo poyembekezera kukolola, amuna afolere mbali yotsalayo ndi udzu mvula isadagwe. Asungichuma adavomereza msanga kwambiri, moonetsa kuti nkhaniyo adali ataikambirana kale. Abusa adapempherera Ataliyana ndi mtima wonse, adapempha kuti Mulungu awabwezere zonse zimene adataya, ndipo mpingo udayankha Amen wamphamvu amene sindidamumvepo.

Ndidapita kutali kukaphunzira kumva zimene anthu akale adabisa m'mizere yawo, ndipo ndidabwera ndikuganiza kuti kwathu zonse zili poyera, kuti anthu akwathu ndi osavuta kuwamva, kuti adalakwitsa poyesa kuti ndakatulo zimabala malata. Adalakwitsadi poyamba. Koma atazindikira, anthu oposa zana adasunga nkhani imodzi zaka ziwiri, m'nyumba ya Mulungu, popanda ndi mmodzi yemwe wotsetsereka lilime, kuti nkhalamba imodzi isagwetse nkhope. Sindidziwa ngati zimenezi n'zolungama. Ndikadali wotopa kwambiri kuti ndiweruze. Ndikungodziwa kuti mpando wanga m'nkhaniyo adali atandisungira, ndipo ndidakhalapo.

Tikuweruka, abambo adatsogola ndipo ine ndidawatsatira pambuyo pang'ono, monga ndinkachitira ndili mwana. Titafika sadalowe m'nyumba. Adapitirira mpaka kukhola, natsamira pa mtengo wa pakhomo pake. Ng'ombe ziwirizo zinkabzikula, osatilabadira.

"Chichewa chanu sichidawonongeke," adatero patapita nthawi.

"Zikomo, abambo."

"Wogula uja mukamuuze ndinu mawa kuti sitigulitsa. Ine sindingathe." Adatambasula dzanja kukanda imodzi pamphumi. "Ndiye abwenzi anuwo atopa, eti?"

"Atopa, abambo."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo ndidaona mapewa awo akutsika.

"Apume," adatero. "Adayesetsa."